Manja a Wantchito ndi Mtendere wa Chilungamo: Za Mabungwe a Apantchito ndi Anthu a ku Palestine

Mau Oyamba

Tsiku lina itatha Misa ya m'mawa ku nthambi ina ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Salima, mai wina adandiimitsa pakhomo pa tchalitchi atanyamula pasipoti ya mwana wake. Adati: "Bambo, mundidalitsireko bukuli. Mwana wanga wapeza mwai wokagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ku dziko la Ambuye." Ndidadalitsa pasipotiyo ndi mtima wonse, pakuti mnyamatayo adali atatha zaka zitatu akukoka chilimira m'boti la mwini ngati mlovi, osapata ngakhale ndalama zogulira malata khumi. Koma madzulo ake ndidakumbukira kuti ku Durban antchito a padoko, amenenso ndi osauka ndipo ali ndi ana ofuna kudya, adakanapo kutsitsa katundu m'sitima za kampani ya ku Israel pofuna kuonetsa umodzi wao ndi Apalestina. Wosauka mmodzi akuthamangira kumene wosauka mnzake akukana kugwirako dzanja. Kodi wina mwa awiriwa walakwa? M'nkhani ino ndifuna kulongosola zimene mabungwe a anthu apantchito achita, maziko a mchitidwe waowo, ndiponso mmene nkhaniyi ikutikhudzira ife Amalawi.

Gwero la Mkangano

Dziko limene Ayuda ndi Apalestina akulimbirana lili pakati pa mtsinje wa Jordan ndi nyanja ya Mediterranean, ndipo lonse pamodzi n'laling'ono kuposa Chigawo chathu cha Pakati. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse lidalamulidwa ndi Angerezi, monga momwe adatilamulira ifenso. Ayuda ambiri adasamukira kumeneko pothawa mazunzo a ku Ulaya, kumene boma la Hitler lidapha Ayuda okwana 6 miliyoni. Mu 1947 bungwe la United Nations lidagamula kuti dzikolo ligawidwe pawiri, koma Aluya adakana chigamulocho. Mu 1948 dziko la Israel lidakhazikitsidwa, ndipo pa nkhondo imene idabuka nthawi imeneyo Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kupirikitsidwa m'midzi mwao, osaloledwanso kubwerera.

Pa nkhondo ya mu 1967 Israel adalanda West Bank, mbali ya kum'mawa ya Jerusalem, ndi Gaza. Pangano la ku Oslo la mu 1993 lidapatsa anthu chiyembekezo choti Apalestina adzakhala ndi dziko laolao, koma dzikolo silidabadwe. M'malo mwake midzi ya nzika za Israel idangochulukirachulukira m'malo olandidwawo. Ku Gaza asilikali a Israel adachoka mu 2005, gulu la Hamas lidatenga ulamuliro mu 2007, ndipo kuyambira pamenepo Israel ndi Egypt adatsekera deralo malire. Kuti timvetse kupanikizika kwake, tiyerekeze chonchi: boma lathu la Salima likhoza kumeza Gaza kasanu ndi kamodzi, komabe pa kalembera wa mu 2018 ife tidali osakwana 500,000, pamene ku Gaza kuli anthu oposa 2 miliyoni. Asodzi akumeneko ankapatsidwa malire panyanja, nthawi zina mamailosi atatu okha kuchokera kumtunda. Msodzi wa ku Senga Bay akudziwa yekha tanthauzo la kuuzidwa kuti asapitirire pamene nsomba zikuyambira.

Pa 7 Okutobala 2023 ankhondo a Hamas adalowa mu Israel, napha anthu pafupifupi 1,200, ambiri a iwo anthu wamba, nagwira ena pafupifupi 250. Mwa ophedwawo mudali antchito a m'minda ochokera ku Thailand ndi anyamata awiri a ku Tanzania amene adapita kukaphunzira zaulimi. Nkhondo imene Israel adabwezera idagwetsa mbali yaikulu ya Gaza, ndipo pofika Julayi 2025 unduna wa zaumoyo wakumeneko udali utawerenga anthu akufa oposa 60,000, kuphatikizapo amai ndi ana ambiri. Pangano loleka kuombana lidayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2025.

Zimene Mabungwe a Apantchito Achita

Mchitidwe woti antchito a padoko akane kugwira katundu chifukwa cha chikumbumtima si wachilendo kwa ife a kunyanja. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene adaphunzira ku Livingstonia, ndiye adayambitsa bungwe la ICU pakati pa antchito a padoko la Cape Town mu 1919. Mu Disembala chaka chomwecho antchitowo adanyanyala ntchito, kufuna malipiro abwino ndiponso kukana kukweza chakudya chopita kunja pamene anthu a m'dzikomo ankachigula pa mtengo wokwera. Pofika 1927 bungwelo lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000.

Pa nthawi ya tsankho ku South Africa, anthu akuda adalandira thandizo la mtundu womwewu kuchokera kutali. Mu 1984 antchito a padoko la San Francisco adakana kwa masiku 11 kutsitsa katundu wochokera ku South Africa. Chaka chomwecho ku Dublin atsikana ogulitsa m'sitolo ya Dunnes Stores adakana kugulitsa zipatso za ku South Africa, ndipo sitalaka yao idatha zaka pafupifupi zitatu. Antchito a ku South Africa sadaiwale zimenezi. Mu Febuluwale 2009, itangotha nkhondo ya masabata atatu ku Gaza, mamembala a SATAWU, bungwe la antchito a zamtengatenga limene lili m'chitaganya cha COSATU, adalengeza kuti satsitsa katundu m'sitima yochokera ku Israel padoko la Durban. Adachitanso chimodzimodzi mu Meyi 2021 ndi sitima ya kampani ya Zim.

Mu Okutobala 2023 mabungwe a apantchito a ku Palestine adalemba pempho kwa anzao a m'maiko onse kuti asapange ndiponso asanyamule zida zopita ku nkhondoyo. Mabungwe a zamtengatenga a ku Belgium adavomera mwezi womwewo, antchito a padoko la Barcelona adatsatira mu Novembala, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala 2025 ku Italy kudachitika masitalaka a dziko lonse pa nkhani ya Gaza.

Pali mbali ina yosamveka kwambiri m'nyuzi koma yoyandikira mtima wa ntchito ya mabungwewa. Nkhondo isanayambe, Apalestina oposa 100,000 a ku West Bank ndi ena zikwi zingapo a ku Gaza ankagwira ntchito ya zomangamanga ndi ya m'minda mu Israel. Itayamba nkhondo zilolezo zao zidaimitsidwa tsiku limodzi, ndipo ambiri adachoka malipiro ao asanalandire. Mu Sepitembala 2024 mabungwe khumi a apantchito a dziko lonse adakadandaula ku ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, kuti antchito oposa 200,000 apatsidwe zimene adagwirira. Apa nkhani ndi yomwe ija imene Malembo Oyera amadzudzula kawirikawiri, ya kumana waganyu malipiro ake.

Maziko a Mchitidwe Umenewu

Munthu angafunse kuti: kodi bungwe la apantchito lili ndi chiyani ndi nkhondo ya kutali? Ntchito yake si kukambirana za malipiro ndi maola? Funsoli ndi lolemera, ndipo Papa John Paul II, m'kalata yake ya mu 1981 yotchedwa Laborem Exercens, adachenjeza kuti mabungwewa asasanduke zipani zandale. Koma m'kalata yomweyo adaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito umachokera kwa munthu amene akuigwira, ndipo kuti sitalaka ndi njira yololedwa pamene njira zina zalephera. Ngati wogwira ntchito ndi munthu, ndiye kuti ntchito yake ndi mchitidwe wa munthu, wochokera m'nzeru ndi m'kufuna kwake. Nkhafi sifunsa kumene bwato likupita, koma wopalasa amafunsa, ndipo adzayankha mlandu wa ulendowo.

Akatswiri a maphunziro a makhalidwe amasiyanitsa njira ziwiri zothandizira choipa cha munthu wina. Yoyamba ndiyo kuthandiza ukugwirizana ndi cholinga choipacho, ndipo imeneyi ndi yolakwika nthawi zonse. Yachiwiri ndiyo kuchita chinthu chimene pachokha sichoipa, koma wina akuchigwiritsa ntchito pochita choipa chimene iwe sukuchifuna. Pa njira yachiwiriyi tiyenera kufunsa mafunso atatu: choipacho n'chachikulu bwanji, dzanja langa lili pafupi nacho bwanji, ndipo chifukwa chimene chikundikakamiza n'cholemera bwanji? Mwini golosale amene wagulitsa parafini kwa munthu amene pambuyo pake wakatentha nyumba ya mnzake ali kutali ndi mlanduwo. Koma mwini bwato amene akuolotsa munthuyo usiku, akudziwa kumene akupita ndi chimene wanyamula, ali pafupi kwambiri.

Tikayesa ndi muyeso umenewu, wantchito wa padoko amene wauzidwa kukweza mabomba opita kumene akugwera pa nyumba za anthu wamba ali ngati mwini bwato uja. Kukana kwake n'kukana kukhala chipangizo cha imfa, ndipo bungwe lake likamuteteza kuti asachotsedwe ntchito, likuteteza chikumbumtima cha membala wake. Kukana katundu wamba monga zipatso ndi zovala kuli ndi maziko osiyanako: ndi njira yokakamizira boma popanda chiwawa. Njira imeneyi imapwetekanso osalakwa, choncho iyenera kukhala ndi cholinga chodziwika, cholozera ku malamulo a boma, ndipo iyenera kutha cholingacho chikakwaniritsidwa.

Mu 1987, m'kalata ya Sollicitudo Rei Socialis, Papa yemweyo adafotokoza kuti umodzi umaposa kungomva chisoni ndi mavuto a anthu akutali. Ndi kutsimikiza mtima kugwirira ntchito ubwino wa onse, popeza tonse tili ndi udindo pa tonse. Makolo athu adanena zomwezo mwachidule: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wantchito amadziwa kuti chilolezo chimene chalandidwa kwa mmisiri wa ku Hebron lero popanda mlandu chikhoza kulandidwa kwa iye mawa.

Bata ndi Mtendere

Ife amene tidakula pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi tikukumbukira kuti mau akuti bata ndi mtendere ankatchulidwa pamodzi ngati chinthu chimodzi. Koma aliyense wa kunyanja amadziwa kuti nyanja ikhoza kuchita bata m'mawa mwera n'kudzuka masana. Bata lathu lija lidali la anthu oopa kulankhula. Pa 8 Malichi 1992 Aepiskopi athu adatulutsa kalata imene idatchula poyera za malipiro ochepa ndi kutsekeredwa popanda mlandu. Mu Epulo Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito, adamangidwa atangotsika ndege. Mu Meyi antchito a ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre adanyanyala ntchito, ndipo mu Juni 1993 anthu adavotera ndale za zipani zambiri. Amene adasokoneza bata masiku amenewo ndiwo adatsegula njira ya mtendere.

Augustine Woyera adaphunzitsa kuti mtendere ndi kudekha kumene kumabwera pamene chinthu chilichonse chili m'malo mwake moyenera. Thomas Aquinas Woyera adaonjeza kuti chilungamo chimachotsa zopinga za mtendere, ndipo chikondi ndicho chimaubala. N'chifukwa chake Papa Paul VI, mu uthenga wake wa Tsiku la Mtendere mu 1972, adauza ofuna mtendere kuti agwirire ntchito chilungamo. Kuleka kuombana n'kofunika kwambiri, chifukwa kumapulumutsa miyoyo, koma ndi bata chabe. Mtendere wa chilungamo ufuna kuti mwana wa ku Tel Aviv ndi mwana wa ku Gaza onse agone osaopa bomba, kuti ulamuliro wa asilikali pa dziko la eni uthe, kuti nkhani ya othawa kwao aja iweruzidwe, ndiponso kuti munthu athe kupita ku munda wake ndi ku ntchito yake. Mu Julayi 2024 khothi la dziko lonse la ku The Hague lidapereka maganizo ake akuti kukhalabe kwa Israel m'malo olandidwa mu 1967 n'kosemphana ndi malamulo. Likulu la Mpingo ku Vatican lidachita pangano ndi Israel mu 1993 ndipo lidachita lina ndi dziko la Palestine mu 2015, ndipo limalimbikitsa kuti pakhale maiko awiri oyandikana.

Umodzi woona uli ndi zizindikiro zake. Choyamba, sudana ndi mtundu wa anthu. Msonkhano wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965, udadzudzula chidani chilichonse cholozera Ayuda, ndipo bungwe la apantchito limene lilirira ana a ku Gaza koma n'kukhala chete pa ophedwa a pa 7 Okutobala lataya mphamvu ya mau ake. Chachiwiri, umazindikira kuti mbali inayo kulinso antchito: pa 2 Sepitembala 2024 Histadrut, chitaganya cha mabungwe a apantchito a ku Israel, chidaitanitsa sitalaka ya dziko lonse pokakamiza boma lao kuti lichite pangano lomasula ogwidwa aja. Chachitatu, susankha nkhope. Mu Epulo 2008 antchito omwe aja a ku Durban adakana kutsitsa zida zochokera ku China zimene zinkapita ku boma la Zimbabwe pa nthawi ya ziwawa za chisankho, ndipo sitimayo idachoka padokopo zidazo zili momwemo. Amene adakana zida za boma la Afirika anzao ali ndi ufulu womvedwa akamakana za boma lina.

Ana Athu M'minda ya ku Israel

Dziko la Malawi lakhala bwenzi la Israel kuyambira nthawi ya Dr. Banda. Mu 1973 maiko ambiri a mu Afirika adadula ubale ndi Israel, koma ife sitidatero. Mu Epulo 2024 tidatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho, pamene maiko 124 adavomera chigamulo cha United Nations chotsatira maganizo a khothi lija, Malawi adali mwa maiko 14 amene adakana. Pa 25 Novembala 2023, patangopita masabata ochepa ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, gulu loyamba la achinyamata 221 lidanyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Minda imeneyi idasowa antchito chifukwa ambiri a ku Thailand adabwerera kwao ndipo Apalestina adatsekeredwa kunja. Tinene mosabisa: pa malo ena pamene mwana wathu waimapo, padali Mpalestina.

Nkhani yotumiza ana athu kunja tidaionapo kale. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu 74. Eni migodi ankakonda mlendo wochokera kutali chifukwa salimbalimba pa malipiro ndipo akadandaula amangobwezedwa kwao. Mu 2024 achinyamata athu ena adabwezedwa kuchokera ku Israel chifukwa chochoka m'minda kukafuna ntchito ya malipiro okwererapo m'tauni.

Kodi tsono mnyamata wa pasipoti uja walakwa? Tikabwerera ku mafunso atatu aja, yankho n'lakuti ayi. Kuthyola mapeyala sikuli pafupi ndi bomba, mnyamatayo safunira Mpalestina choipa, ndipo umphawi umene ukumukankha n'chifukwa cholemera. Iye ndi mmisiri wa ku Hebron si adani. Onse awiri ndi anthu amene moyo wao wapachikika pa chilolezo chimene wina akhoza kuchilanda. Udindo waukulu uli pa amene amasaina mapangano ndi pa amene ayenera kuwafunsa mafunso.

Apa mpamene Malawi Congress of Trade Unions ndi mabungwe ena ali ndi ntchito yooneka. Ayenera kuumirira kuti pangano lililonse lotumiza antchito kunja liwerengedwe poyera, kuti Mmalawi alandire malipiro ofanana ndi a wina aliyense wogwira ntchito yomweyo, kuti pasipoti yake ikhale m'manja mwake, kuti akhale ndi kodandaulira ndi njira yobwerera, kuti asaikidwe pafupi ndi malo a nkhondo, ndiponso kuti asatumizidwe ku minda ya m'midzi yomangidwa ku West Bank, pa nthaka imene malamulo a maiko amati ndi ya eni ake. Ndipo popeza ana athu akulowa m'malo a ena, n'koyenera kuti mau a mabungwe athu amvekenso pa mlandu wa malipiro a Apalestina aja.

Mau Omaliza

Kuno ku Salima Akhristu ndi Asilamu timakoka khoka limodzi ndipo timayendera limodzi maliro. Pali ngozi yoti Mkhristu aone nkhondoyi ngati ya Israele wa m'Malembo, Msilamu n'kuiona ngati ya chipembedzo chake, aliyense n'kutenga mbali popanda kufunsa za chilungamo. Israele wa m'Chipangano Chakale ndi boma la Israel la lero ndi zinthu ziwiri; boma limeneli liyenera kuweruzidwa ndi muyeso womwewo umene timaweruzira boma lililonse, kuphatikizapo lathu. Tikumbukirenso kuti mwa Apalestina muli Akhristu. Papa Francis, mpaka pafupi ndi imfa yake mu Epulo 2025, ankaimbira foni pafupifupi madzulo aliwonse parishi ya Banja Loyera ku Gaza, ndipo mu Julayi 2025 anthu atatu adafa pamene tchalitchi chimenecho chidaombedwa.

Mai uja ndidaonana nayenso patapita masabata angapo, ndipo ndidampempha kuti akamalankhula ndi mwana wake pafoni amuuze zinthu zitatu: asunge pepala la pangano lake, adziwe kumene munda wakewo uli, ndipo akakumana ndi Mpalestina wogwira ntchito ampatse moni monga mnzake wa m'boti limodzi. Inunso abale amene mukukonzekera unsembe mudzakumana ndi mapasipoti otere pakhomo pa tchalitchi. Muwadalitse, ndipo mukatha kudalitsa mukhale pansi ndi banjalo muwerenge pangano lonse mzere ndi mzere.